Khadi la ku banki la amayi lili ndi ndani?

Tiyambe ndi funso. Amayi akadwala sitiroko, kapena akayamba matenda oiwalaiwala aja madokotala amati dementia, amawasambitsa ndani? Amagona pansi kuchipatala ndani? Ndife. Nanga khadi la ku banki, PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, ndalama za lendi ya nyumba zawo, amasunga ndani? Apa ndiye pamakhala zii. Kawirikawiri ndi achimwene kapena amalume, aja amatulukira kamodzi pamwezi, tsiku lomwe penshoni yalowa.

Lero tikambirane njira imene ambirife sitiidziwa: kupempha khoti kuti lisankhe munthu woyang'anira ndalama ndi katundu wa munthu wamkulu amene sangathenso kuziyendetsa yekha.

Timvetsetsane kaye. Kukhala mwana woyamba, mwana wamwamuna kapena mwini mbumba sikupatsa munthu mphamvu pa akaunti ya mayi amene ali moyo. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limati mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu wakewake. Ufuluwu sutha chifukwa choti munthu wamera imvi. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limagwira ntchito munthu akamwalira, ndiye pasapezeke wina woyamba kugawa amayi akupuma. Ndipo lamulo la 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja limawerengera nkhanza zokhudza chuma kuti nazonso ndi nkhanza.

Ndiye kukhoti timakatani? Timakasonyeza umboni, osati mphekesera. Pamafunika lipoti la dokotala lonena kuti amayi sangathedi kusankha okha pa nkhani za ndalama. Mawu oti "asokonezeka mutu" a kwa aneba sakwanira. Pamafunika kulemba zonse zimene ali nazo: nyumba, munda, akaunti, penshoni, ngakhalenso ngongole. Achibale adziwe kuti mwapempha, asadzamve m'maluwa. Ngati ndalama za loya palibe, kafunseni ku Legal Aid Bureau. Asisi amene muli ndi makolo kunja, ku South Africa woyang'anira wotere amatchedwa curator ndipo amasankhidwa ndi High Court. Ku England amatchedwa deputy, amasankhidwa ndi Court of Protection, ndipo chaka chilichonse amapereka lipoti la mmene ndalama zayendera.

Lipoti limenelo ndiye nkhani yake. Wosankhidwa ndi khoti sakhala mwini chuma, amangosungira mwini wake. Akagula mankhwala, lisiti likhalepo. Akafuna kugulitsa nyumba, afotokoze chifukwa. Amalume olanda khadi mwakachetechete aja safotokozera aliyense, ndipo ukafunsa umauzidwa kuti mwana wamkazi alibe mwambo.

Koma tisanamizane kuti pepala la khoti ndi loyera nthawi zonse. Ambirife tinakula tikuvina nyimbo za Britney Spears. Mu 2008 khoti la ku Los Angeles linaika moyo wake ndi chuma chake m'manja mwa anthu ena, kuphatikizapo bambo ake omubereka. Zinatenga zaka 13. M'zaka zambiri mwa zimenezo ankaimba, kutulutsa zimbale, kupanga ndalama zankhaninkhani, koma ndalamazo sankaziyendetsa yekha. Mu June 2021 anauza khoti kuti ankafuna kukhala ndi mwana wina koma sankaloledwa kuchotsa lupu. Tangoganizani, mzimayi wazaka 39 kupempha chilolezo pa thupi lake! Khoti linathetsa dongosololi mu November chaka chomwecho. Ngati zinachitikira munthu wodziwika dziko lonse lapansi, kuli bwanji agogo a ku Ndirande kapena ku Area 25 amene anthu ayamba kale kuwanong'oneza kuti ndi mfiti, chonsecho akungodwala?

Nchifukwa chake ife tikuti, popita kukhoti tizipempha mphamvu yokhayo imene ikufunika. Ngati amayi akulephera za ku banki koma akudziwa bwinobwino kumene akufuna kukhala, tchalitchi chimene akufuna kupemphera ndi mdzukulu amene akufuna kumulipirira fizi, zimenezo zikhalebe zawo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene dziko lathu linavomereza mu 2009, limanena zothandiza munthu kuti asankhe yekha. Kuiwala tsiku la lero sikuiwala zimene mtima ukufuna. Afunseni, ngakhale yankho lichedwe. Akachira, monga mmene ena amachirira sitiroko, tibwerere kukhoti komweko mphamvu ija ibwezedwe kwa eni ake.

Amene mukusamalira makolo panopa, gulani kope. Lembani ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, tsiku lake ndi dzina la amene watenga. Amene makolo anu akadali bwino, mukapita kumudzi mwezi uno akhazikeni pansi, abale anu onse alipo, anene ndi pakamwa pawo amene akufuna kuti adzawasungire khadi lija.