Nkhalamba Yoiŵalaiŵala Si Mfiti

Pa chaka cha Banja Loyera Mpingo umatiŵerengera mau a m'buku la Mphunzitsi Sira, mutu 3. Mauwo amalamula mwana kuti asamale bambo wake pa ukalamba, ndi kuti nzeru zikayamba kumthera, amlezere mtima, asamnyoze. Lero tilingalire za makolo athu otere.

Timaŵadziŵa m'midzi mwathu. Agogo afunsa chinthu chimodzimodzi kasanu. Atereka ndiwo pa moto nkuiŵala. Apita ku dimba kumene akhala akulima zaka 40, njira yobwerera nkuŵasokonekera. Abisa ndalama ku denga, maŵa lake akuti mpongozi waba. Potsiriza, ngakhale mwana wao wobereka okha samzindikira.

Ameneŵa ndi matenda a ubongo, amene madokotala amaŵatcha dementia. Mtundu wake wofala kwambiri adaufotokoza ndi dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, m'chaka cha 1906. Mwa ena amayamba chifukwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo yaonongeka, makamaka ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Mwa ena ndi moŵa wa zaka zambiri. M'chaka cha 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lidalengeza kuti odwala otere apitirira 55 miliyoni.

Koma kwathu kuno matendaŵa taŵapatsa dzina lina loopsa. Popeza amasokoneza tulo, wodwala amatuluka usiku nasokera, m'bandakucha nkupezeka pakhomo pa eni, mwina osavala. Pomwepo mfuu imveka: mfiti yagwa pa lichero! Akampanikiza ndi mafunso amangovomera, pakuti sakumvetsa chimene akumfunsa. Tikudziŵa kumene milandu ya ufiti imathera. M'chaka cha 2016 ku Neno, nkhalamba zinai zidaphedwa poganiziridwa kuti zidatumiza mphezi. Magazi otere amalira kwa Mulungu monga adalirira magazi a Abele. Ngakhale lamulo la dziko lathu, la m'chaka cha 1911, limaletsa kunenera munthu ufiti. Mkhristu asapezeke m'gulu lotola miyala. Aime pakati, amfunde nsalu wodwalayo, amperekeze kwao.

Tsono m'nyumba mwathu tichite chiyani? Poyamba tipite nao ku chipatala, pakuti kusokonezeka kwina kumadza ndi malungo kapena matenda ena ochizika. Akakhala matenda a kuiŵala enieni, mankhwala oŵathetsa sadapezeke, koma chisamaliro chimachepetsa mavuto. Tisakangane nao. Akafunsa za amuna ao amene adamwalira kale, tisaŵalize maliro atsopano. Tiŵapemphe atisimbire za masiku a ukwati wao. Tilankhule nao modekha, mau ochepa, tikuyang'anana. Chakudya, kusamba ndi kugona zikhale pa nthaŵi yozoloŵereka, ndipo mphasa yao isasinthidwe malo. Tiŵateteze ku moto ndi ku chitsime, tidziŵitse anansi ndi amfumu, koma tisaŵamange kapena kuŵatsekera ngati chiŵeto. Tiŵasiyire tintchito timene manja ao akukumbukabe, monga kutong'ola chimanga ndi kusenda mtedza.

Inu akatekisti, kumbukirani ichi: munthu woiŵala maina a ana ake kaŵirikaŵiri amatha kutsatira Korona ndi nyimbo zimene adaphunzira ali mwana. Kapemphereni nao kunyumba, ndipo muuze ansembe kuti aŵabweretsere Ukaristia ndi Sakramenti la Kudzoza Odwala.

Tisaiŵalenso wodwazika. Nthaŵi zambiri amakhala mwana wamkazi mmodzi, kapena mdzukulu amene wasiya sukulu. Sagona, munda wake wagonera, ndipo mai wake yemwe amamutcha wakuba. Mutu umodzi susenza denga. Abale a kutauni atumize thandizo ndipo abwere okha. A mu mphakati agaŵane masiku: wina nkhuni, wina madzi, wina kukhala ndi wodwala kuti wodwazikayo apume ndi kupita ku Misa.

Lamulo lachinai la Mulungu silitha mphamvu pa tsiku limene kholo laiŵala dzina lathu. Amene adatisambitsa tisanadziŵe kanthu, ndi udindo wathu kuŵasambitsa pamene iwo sadziŵanso kanthu. Yezu, Maria ndi Yosefe adalitse mabanja onse amene akusenza mtanda umenewu. Amen.