Malamulo a Oyendetsa Ndege

Munthu akakwera ndege pa bwalo la Chileka kapena la Kamuzu ku Lumbadzi, amapereka moyo wake m'manja mwa woyendetsa amene sakumudziŵa, mwinanso sadzamuona ndi nkhope yomwe. Nanga mtima wake umakhazikika bwanji? Chimene chimamuteteza ndi lamulo.

Pa 7 Disembala 1944, maiko 52 adasaina pangano mumzinda wa Chicago ku America. Pangano limeneli ndilo lidabala bungwe la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Bungweli limakhazikitsa miyezo, ndipo boma la dziko lililonse limapereka ziphaso kwa oyendetsa ndege motsata miyezoyo.

Ziphaso zake zili m'magulu atatu. Choyamba ndi cha munthu woyendetsa ndege mosalandira malipiro. Iyeyu ayenera kukhala wa zaka 17 ndiponso atauluka maola 40. Chachiŵiri ndi cha wolembedwa ntchito, amene afunika zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati adaphunzira pa sukulu yovomerezeka. Chachitatu ndi cha kapitawo wa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu: zaka 21 ndi maola 1,500. Pa gawo lililonse pali mayeso a zanyengo, a malamulo, a kayendedwe ka injini ndi a kapezedwe ka njira mumlengalenga. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo pa ntchito iyi palibe njira yachidule.

Koma chiphaso pachokha sichikwanira. Wolembedwa ntchito amapimidwa ndi dokotala chaka ndi chaka: maso, makutu, mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Akafika zaka 60 amapimidwa miyezi 6 iliyonse, ndipo akakwanitsa zaka 65 saloledwanso kuyendetsa ndege za malonda zopita maiko ena. Ndiponso saloledwa kunyamula anthu ngati m'masiku 90 apitawo sadanyamutse ndi kutsitsa ndege ya mtunduwo katatu.

Lamulo lina likukhudza chilankhulo. Pa 27 Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziŵiri za mtundu wa Boeing 747 zidawombana pa bwalo nkhungu itakuta. Kapitawo wa ndege ya KLM adayamba kuthamangitsa ndege yake poganiza kuti waloledwa kunyamuka, pamene ya Pan Am inali idakali mumsewu womwewo. Sadamvane bwino pa wailesi ndi a pa nsanja, ndipo anthu 583 adatisiya. Ngozi za kusamvana zotere zidachititsa kuti kuyambira chaka cha 2008 woyendetsa ndege za m'maiko osiyanasiyana aziyesedwa ngati amalankhula ndi kumva Chingerezi mokwanira.

Choncho mnyamata kapena mtsikana amene amayang'ana kumwamba ndege ikamadutsa, nalakalaka ntchito imeneyi, ayambire pomwe alipo. Alimbikire masamu, sayansi ndi Chingerezi kusukulu, asamalirenso thanzi lake, pakuti zonsezi adzafunsidwa tsiku la mayeso.