ULIMI WA BOWA PAKHOMO

Lero tikambirana za bowa.

Mvula ikakhazikika, amayi ndi ana amalaŵirira kutchire ndi malichero kukazula utale, ndelema ndi manyame. Koma dzinja likatha ndiwo imeneyi imasoŵa, ndipo kumene mitengo yapita ndi makala, ulendo wa kubowa ukunka nutalika. Mwina wina afunsa kuti, kodi sitingadzale manyame kuseri kwa nyumba? Ayi ndithu. Manyame ndi ndelema amakhala mophatikana ndi mizu ya mitengo yamoyo monga msuku ndi mombo, kotero mtengo ukagwa, iwonso amatha. Utale nawo uli ndi eni ake, ndiwo chiswe, chimene chimaulima m'kati mwa chulu pa udzu ndi timitengo timene chatafuna.

Bowa amene munthu angathe kulima ndi uja amadya zomera zakufa, ndipo wosavuta mwa onse ndi wa oyisitala. Anthu a ku Germany anayamba kumulima pa zipika nthaŵi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, chakudya chitasoŵa. Kuno kwathu akatswiri a ku Bvumbwe ndi ku Bunda achitapo kafukufuku pa ulimi wake. Safuna munda kapena feteleza. Chakudya chake ndi mapesi, omwe aja timawotcha posadziŵa phindu lake.

Dulani mapesi ouma tizidutswa totalika ngati chala, muŵaviike m'madzi usiku wonse. M'maŵa muŵatsanule kufikira poti mukafinya m'dzanja patuluke madontho 2 kapena 3 okha. Kenaka thirani madzi pang'ono mu mgolo, ikani njerwa ndi timitengo pamwamba pa madziwo, sanjikanipo mapesi, vindikirani, ndipo sonkhani moto kuti nthunzi iŵapyoze kwa maola 2.

Apa mpamene pagona ulimi wonse, omvera. M'mapesi ndi mumpweya muli njere zosaoneka za chuku, chimene chimalimbirana chakudya ndi bowa ndipo chimakula msanga kumposa. Nthunzi ija ndiyo imachipha. Tsono mlimi amene waphika bwino mapesi, koma nkuŵagwira ndi manja osasamba kapena kuŵayala pa thumba lakuda, wabwezeramo mdani yemwe anamchotsa. Nkhuni zapita pachabe.

Mapesi akazizira, sakanizani ndi mbewu ya bowa, nimulonge m'matumba a pulasitiki oyera. Mbewuyi imakonzedwa pa njere za mapira ndi anthu ophunzira ntchitoyo. Alangizi a zaulimi akuuzani kokaigula. Matumbawo akhale m'chipinda cha mdima kwa masabata 3 kapena 4, mpaka ayere mbee ndi timaulusi ta bowa. Thumba limene labiriŵira litulutseni tsiku lomwelo, mukalikwirire kutali, osalitsekula m'nyumba. Otsalawo muŵang'ambe timipata, muloŵetse mpweya ndi kuŵala pang'ono, ndipo muziwaza madzi pansi ndi m'makoma. Pasanathe masiku ambiri bowa atuluka. Thyolani phava lonse mopotokola, m'mphepete mwake musanatambasuke. Thumba limodzi limabereka kangapo. Bowayu sachedwa kuwonongeka, choncho wotsala muyanike padzuŵa. Ali ndi zomanga thupi ndi mavitamini a gulu la B, ndipo dzuŵalo limawonjezera vitamini D.

Nanga za bowa wamankhwala? Ku China akhala akugwiritsa ntchito bowa wouma ngati thabwa wotchedwa lingzhi kuyambira kalekale, ndipo lero amamulima pa utuchi ndi zipika. Ku Japan, m'chaka cha 1985, boma linavomereza mankhwala otchedwa lentinan, ochokera ku bowa wa shiitake, kuti azithandizira odwala khansa ya m'mimba. Koma mvetsetsani: amaperekedwa ndi madokotala, pamodzi ndi mankhwala ena a khansa, osati m'malo mwake. Ufa ndi makapisozi a bowa amene amalonda amati amachiza nthenda iliyonse ndi nkhani ina. Pali anthu amene chiŵindi chawo chinawonongeka atamwa ufa wa lingzhi. Amene mukumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, musasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha botolo lotere, ndipo musanaligule kafunseni kaye kuchipatala.

Tsalani bwino, omvera.