Kamdothi pa Bwalo la Sukulu: Mau a pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti yandipempha kuti ndifotokoze za sewero limene bungwe lathu likufuna kuthandiza ana a ku pulaimale kuti akaonetse pa tsiku lotsekera sukulu. Ena anafuna Cinderella, ndipo ndikuwamvetsa. Ambiri a ife zisudzo tinazidziwira ku mipikisano ya ATEM, kumene zonse zinali m'Chingerezi. Koma Cinderella amafuna nsapato yagalasi, ngolo ya mahatchi ndi nyumba yachifumu, pamene ife tili ndi bwalo ndi mtengo wa mango basi. Choncho tasankha Kamdothi.

Nthanoyi mukuidziwa. Mayi wopanda mwana aumba mwana ndi dothi, namulangiza kuti akangoona mitambo azithamangira kunyumba. Tsiku lina mwanayo atalikira posewera ndi anzake, mvula imupeza panjira, mayi ake akumuitana ndi nyimbo, ndipo asungunuka asanafike pakhomo.

Kukonza kwake sikovuta. Wosimba nthano akhale pampando wake pambali, ndipo akati "Padangokhala", anthu onse oonerera avomere "Tili tonse", monga momwe timachitira kwa agogo. Ana amene sanapeze mbali akhale gulu loyimba, pasapezeke mwana wobwerera kwao akulira. Mvula tidzaipanga ndi lata lakale ndi chimanga: mwana m'modzi aziwaza pang'onopang'ono, kenaka mochulukitsa, ng'oma nkumagunda ngati bingu. Wosewera Kamdothi timupake katondo kumaso ndi m'mikono. Posungunuka azigwa mwapang'onopang'ono, kuyambira mwendo umodzi, anzake awiri nkumufunditsa chitenje cha mtundu wa dothi. Apa aphunzitsi asafulumize ana. Mwana akangogwa kamodzi kuti khu, anthu adzaseka, ndipo sewero lonse lathera pomwepo.

Tsono nkhani imene yatichedwetsa m'komiti ndi mathero ake. Anzathu ena akuti tisinthe, Kamdothi afike kunyumba ali moyo. Chifukwa chao si chachibwana ai. Kuno ku chigwa cha Phalombe mvula si nthano. M'mwezi wa Marichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazana angapo. Ena a inu munataya abale. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, dzina lomwe malemu Steve Chimombo anatchulira buku lao la ndakatulo. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anabweranso, ndipo ana amene adzasewerewa anaona ndi maso ao. Nanga mayi amene mwana wake anapita ndi madzi, tidzamukhazika pa bwalo kuti aonerere zotere?

Funsoli ndalilingalira kwambiri, komabe ine ndikuti mathero tisawakhudze. Azungu anachita zimenezi ndi nthano zao. M'buku la abale awiri a Grimm a ku Germany, limene linayamba kutuluka mu 1812, azichemwali a Cinderella amadzidula mapazi kuti nsapato iwakwane. Mu kanema wa Walt Disney wa 1950 zimenezi mulibe. Nthano inasalala, koma inatsala yongokometsera. Kamdothi akapulumuka, nyimbo ya mayi ake idzakhala yoyimbiranji? Ndipo ana a kuno sitingawanamize za mvula. Akudziwa kale kuti madzi sadikira munthu.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Seweroli lionetsedwe m'chilimwe, osati m'dzinja. Aphunzitsi akacheze ndi makolo lisanachitike, kuti amene sangathe kupirira adziwiretu. Mwana aliyense asankhe yekha ngati akufuna mbali ya Kamdothi, osamukakamiza. Ndipo likatha, wosimba nthano asabalalitse anthu msanga, koma afunse ana kuti mitambo ikachita bii pa Michesi, kwao amathawira kuti.

Za ndalama, sitikufuna zambiri: zitenje zinai, chikopa cha ng'oma, ndi nsima ya ana pa masiku okonzekera. Msungichuma ali pakhomo apo ndi kabuku kake. Chimene tikusowa kwambiri ndi mayi wachikulire wodziwa bwino nyimbo ya nthanoyi, woti azibwera Lachitatu lililonse masana. Amene muli naye kwanu, mundione tikamamwa tiyi.