Kapitao Wosaoneka wa M'lamya

Mayi ogulitsa usipa ku Area 18, mu mzinda wa Lilongwe, akatsegula pulogalamu ya banki pa lamya yawo ya m'manja, nyimbo zikulira, WhatsApp ikulandira mauthenga, saganizako n'komwe za kapitao woyang'anira zonsezo. Kapitaoyo ndiye operating system. M'lamya zambiri ndi Android, yomangidwa pa Linux, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991.

Pulogalamu siikhudza zitsulo za m'kati. Ikafuna kusunga chithunzi imangotchula dzina la fayilo, kapitao n'kupeza malo. Ikamagwira ntchito imayesa makina onse ndi ake, chikhalirecho kapitao akuisinthanitsa ndi zinzake mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Nzeru zimenezi zinakhwimira mu Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba mu 1969.

Chachikulu koposa ndi mpanda. Pulogalamu iliyonse imapatsidwa chipinda chakechake cha memory, ndipo singasuzumire m'chipinda cha inzake. Pakanapanda mpandawo, kasewero kamene mwana anaika dzulo kakanawerenga nambala yachinsinsi ya mayi aja, ndalama za usipa n'kupita. Komatu mayiwo akavomera okha pempho la kaseweroko loti kaziwerenga mauthenga awo, kapitao amatsekula chitseko osafunsanso, pakuti eni ake alamula.