MAKAPISOZI SI MANKHWALA A CITOPA

Lero ndikamba za makapisozi ndi nyeleti ya penisilini, mankhwala akupha tizilombo ta mabakiteriya.

Alexander Fleming anapeza penisilini mu 1928, ndipo mu 1945 anacenjeza kuti mankhwala operewera angozoloweretsa tizilombo, osatipha. Mau a akulu akoma akagonera: m'caka ca 2019 anthu oposa 1,200,000 pa dziko lonse anafa ndi tizilombo tosamvanso mankhwala.

Kodi bvutoli lifika bwanji kumudzi? Cipatala cikatalika, ndalama zikacepa, munthu agula makapisozi anai pamsika. Akapezako bwino mawa lake aleka kumwa. Otsalawo apatsa mwana, kapena athira m'madzi a nkhuku za citopa. Komatu citopa sicimva makapisozi konse. Cocipewera ndi katemera. Tizilombo tofooka tifa, tolimba titsala ndi kuswana. Tituluka m'ndowe ndi m'zitosi, mvula ititengera kucitsime, ndipo banja lonse limwa. Oyamba kudwala ndiwo makanda ndi nkhalamba.

Cifukwa cace imwani mankhwala monga adokotala akuuzirani, osagawira wina. Ng'ombe ikadwala itanani alangizi a ziweto, ndipo ikalasidwa nyeleti, mkaka wace musamwe kapena kugulitsa kufikira atakwana masiku olembedwa pa botolo. Khola ndi cimbudzi zikhale kutali ndi citsime.

Tisaononge pa nkhuku mankhwala amene adzafunika tsiku limene mwana wathu adzadwala cibayo.