Malipenga a mu Kompyuta ndi Nyimbo ya Sukulu Yathu

Mau amene mmodzi wa ife anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu



Poyamba ndithokoze komiti chifukwa chondipatsa mpata uwu. Pamene a Mlembi anandiimbira lamya, ndikhulupirira ankayembekeza kuti ndidzakamba za penshoni kapena za kakwezedwe ka anthu pa ntchito m'boma, poti n'kumene ndakhala chichokereni ku yunivesite. Pepani, za zimenezo mundipeze pa nthawi ya chakudya. Ine ndabwera ndi nkhani ya nyimbo.

Amene tinalowa Folomu 1 m'chaka cha 1996 tikukumbukira limba lija lopopa ndi mapazi limene linkakhala pakona m'holo. Tikukumbukiranso mphunzitsi wathu wa nyimbo, amene ankatiimitsa pa mzere Lachisanu lililonse masana, mitima yathu ili ku nyemba, mpaka a tenala atasiya kuba mau a sopulano. Nyimbo ya sukulu yathu anapeka ndi iwowo. Chimene ambirife sitinkadziwa n'chakuti anailembanso m'kope lina kuti idzaimbidwe ndi gulu lonse la zoimbira, limene azungu amati okesitira: mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma zikuluzikulu. Zipangizo zimenezo sukulu sinakhalepo nazo. Kopelo lakhala m'sutikesi zaka zoposa 30, ndipo mwini wake anali asanamvepo ndi khutu chimene analemba ndi dzanja.

Chaka chatha ndinapita ku sukulu kuja. Limba lija linafa kalekale. Ana akuimbabe nyimboyo, koma onse amaimba mau amodzi, a sopulano. Besi ndi aluto zinatayika m'njira. Nditachoka kumeneko ndinakaona aphunzitsi kumudzi kwao. Maso ayamba kuwavuta, koma anatulutsa kope lija, ndipo ine, pofuna kuwasangalatsa, ndinalonjeza kuti adzaimva nyimboyo ndi zipangizo zonse. Ndinalonjeza ndisakudziwa kuti ndidzayambira pati.

Ndinayamba ndi kulakwitsa, ndipo ndiulule pano kuti wina asabwereze. Mnyamata wina wa pa msika, wa aja oika nyimbo m'mafoni, anandiikira pa laputopu pulogalamu yodula kwambiri imene anati "aithyola" kuti igwire ntchito osalipira. Patatha masabata awiri kompyuta inakana kutsegula china chilichonse. Zithunzi za ana anga zinapita, ndipo mai akunyumba sanandikhululukirebe mpaka lero. Koma choipa chenicheni sichinali vayirasi. Kunali kuba. Dziko lathu lili ndi bungwe la COSOMA kuyambira 1992, ndiponso lamulo latsopano loteteza eni luso la m'chaka cha 2016, ndipo tonse timadandaula oimba athu akamaberedwa. Tsono ine ndinali kuchita chimodzimodzi kwa oimba a dziko lina. Chomvetsa manyazi n'chakuti zinthu zabwino, zaulere, zoperekedwa ndi eni ake zinalipo. Ine ndinali ndisanafufuze.

Ndifotokoze pang'ono mmene zimagwirira ntchito, chifukwa ena akamva kuti kompyuta ikuimba vayolini amaganiza kuti ndi matsenga. Munthu weniweni amakhala pansi ndi vayolini yake patsogolo pa maikolofoni. Amaimba noti imodzi yokha, ndipo amaijambula. Kenaka noti yomweyo motsitsa, kenaka mokweza, kenaka mwachidule, kenaka moikoka. Akamaliza apita pa noti yotsatira, mpaka chipangizo chonse chatha. Kachidutswa kalikonse kotere ndiko amati sampulo. Inu mukalemba nyimbo yanu, kompyuta imangosankha kachidutswa koyenera pa nthawi yoyenera. Ngati noti ina sanaijambule, kompyuta imatenga yoyandikana nayo n'kuikweza kapena kuitsitsa. Ikakokedwa kwambiri imamveka ngati kaseti mabatire akamatha, ndipo apa mpamene pagona kusiyana kwa masampulo abwino ndi achabechabe.

Nyimbo yolembedwayo payokha ilibe mau. Imasungidwa m'njira yotchedwa MIDI, imene inayamba mu 1983, ndipo ine ndimaifanizira ndi pepala la do re mi: limanena noti, kutalika kwake ndi mphamvu yake, koma pamafunika woimba. Mu 1991 makampani anagwirizana za mndandanda wa mau 128 wotchedwa General MIDI, ndipo mndandanda umenewu mumaupeza m'makiyibodi ambiri a m'matchalitchi mwathu. Luso la masampulo lenilenilo linatchuka ndi makina a Fairlight CMI, opangidwa ku Sydney mu 1979, amene mtengo wake unkayandikira wa nyumba. Munali kachidutswa ka okesitira kotengedwa mu nyimbo ya Igor Stravinsky yotchedwa The Firebird, ndipo kanamveka mu "Planet Rock" ya Afrika Bambaataa mu 1982. Amene munkavina disiko ya Loweruka m'holo muja munamva "kuphulika" kwa mtundu umenewo m'nyimbo zambirimbiri osadziwa gwero lake.

Tsono zaulerezo zili kuti?

Akale kwambiri mwa amene ndinawapeza ndi a University of Iowa ku America. Kuyambira 1997, motsogozedwa ndi Lawrence Fritts, akhala akujambula zipangizo noti ndi noti, iliyonse katatu: motsitsa, pakatikati ndi mokweza. Ambiri anajambulidwa m'chipinda chimene makoma ake amamwa mau kotero kuti sabwerera. Chifukwa cha ichi amamveka ouma, ngati munthu akuimbira m'bulangeti, ndipo muyenera kuwaonjezera mamvekedwe a m'holo nokha. Koma eni ake anati aliyense agwiritse ntchito mmene afunira.

Gulu la Philharmonia Orchestra la ku London nalo linapereka masampulo masauzande ojambulidwa ndi oimba ake. Mukhoza kupanga nawo nyimbo, ngakhale yogulitsa. Chimene saloleza ndicho kuwagulitsa kapena kuwagawa monga momwe alili. Mfundo imeneyi muisunge, ndibwereranso.

Vuto la awiriwa n'lakuti amakupatsani zidutswa zokhazokha, ngati njerwa zosamanga. Amene anandipulumutsa ine ndi anthu amene anasonkhanitsa zidutswa zotere n'kuzimanga kukhala okesitira yathunthu. Mattias Westlund wa ku Sweden anatulutsa Sonatina Symphonic Orchestra mu 2011. Kampani ya Versilian Studios inatulutsa VSCO 2 Community Edition mu 2016 pansi pa chilolezo chotchedwa CC0, kutanthauza kuti anasiya umwini wonse: koperani, gawani, gulitsani nyimbo zanu, palibe wokufunsani. Ndipo Paul Battersby anasankha zabwino za m'magulu angapo aulere, kuphatikizapo awiriwa, n'kupanga Virtual Playing Orchestra. Onsewa amapezeka mu mtundu wa mafayilo wotchedwa SFZ, ndipo pulogalamu yowaimbira yotchedwa sforzando, ya kampani ya Plogue ya ku Montreal, nayonso ndi yaulere.

Amene amamveka bwino koposa m'khutu langa ndi BBC Symphony Orchestra Discover, amene Spitfire Audio inatulutsa mu 2020. Anajambulidwa ku Maida Vale Studios ku London. Mtundu wake waukulu, wa akatswiri, umaposa magigabayiti 500. Waulerewu unatuluka uli pafupifupi mamegabayiti 200 okha, ndipo kwa ife ogula bandulo ya intaneti ndi ndalama ya ndiwo, kusiyana kumeneku si kochepa. Koma aliyense ayenera kulembetsa dzina lake ndi kutenga ake. Kupatsana pa fulashi saloleza. Polemba manoti ndinagwiritsa ntchito MuseScore, pulogalamu yaulere, imene mtundu wake wachinayi unatuluka mu December 2022 pamodzi ndi mau ake a okesitira otchedwa Muse Sounds. Amenewa amafuna kompyuta yamphamvu. Yanga inkachita chibwibwi malipenga onse akalowa pamodzi.

Mwaona kuti liu loti "ulere" lili ndi matanthauzo awiri. Pali mango a mtengo wa m'tchire, amene mungatole n'kukagawira mudzi wonse. Palinso mango amene mwini munda wakuuzani kuti idyani pompano mmene mungathere, koma dengu lisatuluke. Musanakopere mnzanu chilichonse, werengani chikalata cha chilolezo chimene chimabwera ndi mafayilowo. Kawirikawiri ndi tsamba limodzi lokha. Ife a m'maofesi timawerenga makalata aatali kuposa amenewo tsiku ndi tsiku, osapindulanso kanthu.

Ntchito yolemba inanditengera miyezi itatu, usiku, magetsi akalola. Aphunzitsi analemba mu do re mi, ndiye ndinayenera kusandutsa noti iliyonse kuti ipite pa mizere isanu ija. Nditamaliza ndinanyamula laputopu ndi kasipika, ulendo wa kumudzi kwao. Tinakhala pakhonde. Anamvetsera mutu uli pansi mpaka nyimbo inatha, ndipo ine ndinali kudikira chiyamiko.

"Bwana wa ku Capital Hill," iwo anatero, "woimba lipenga wanuyu ali ndi mapapo angati?"

Ndinali nditalemba mzere wa lipenga kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda popumira. Kompyuta sinadandaule, chifukwa sipuma. Anandiuza kuti ndiimbe mzerewo ndi pakamwa panga, ndipo ponse pamene mpweya unandithera ndiikepo mpata. Anapezanso kuti pena ndinatsitsa vayolini kupyola G wa m'munsi mwa C wa pakati, pamene chingwe chake chachikulu chimathera, ndipo pamenepo kompyuta inangokhala chete ine osazindikira. Chachitatu, anati manoti onse akutuluka ndi mphamvu yofanana ngati asilikali pa pelete, pamene nyimbo iyenera kukwera ndi kutsika monga mmene munthu ayankhulira. Munthu woti kompyuta sanaigwirepo anandikonza zinthu zitatu m'mphindi khumi. Ndinabwerera ku Lilongwe monga tinkatulukira m'holo muja Lachisanu.

Ulendo wachiwiri sananene zambiri. Anandiuza kuti ndibwereze katatu. Pa ndime yomaliza, pamene ng'oma zimalowa, ndinaona dzanja lao likumenya nthawi pa bondo. Kenaka anaitana adzukulu ao kuti adzamve.

Koma anandipatsa lamulo, ndipo analamula kuti ndidzalinene pamaso panu. Safuna kuti nyimboyi izidzaikidwa pa sipika nthawi ya asembule ana ali chete manja m'matumba. Ine ndikugwirizana nawo. Ndaona m'matchalitchi ena mmene kiyibodi yodziimba yokha yaphera makwaya amene ankaimba mau anayi popanda chipangizo. Choncho tinakonza mafayilo asanu: limodzi la sopulano yekha, lina la aluto, lina la tenala, lina la besi, kuti gulu lililonse liphunzire mzere wake, ndipo lachisanu la okesitira yonse loti ana aziimbira pamwamba pake pa tsiku la mphoto. Ngati ana sadzaphunzira mau anayi aja, miyezi itatu yanga idzakhala itapita pachabe.

Pali chinanso chimene chinandikhudza pofufuza. M'magulu onse amene ndatchulawa muli oboe, muli trombone, muli zeze wamkulu wa azungu, koma ine sindinapezemo bangwe, kaligo kapena valimba ya ku Lower Shire. Hugh Tracey anajambula oimba a dziko lino m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Koma zimenezo ndi nyimbo zathunthu, osati manoti amodziamodzi, ndipo zili ndi eni ake. Mwana wa kuno wofuna kuika bangwe mu nyimbo yake ya pa kompyuta amatha kubwereka gitala n'kunamizira. Kujambula bangwe sikovuta: maikolofoni yabwino imodzi, chipinda chachete, nkhuku zili kutali, ndi pulogalamu yaulere ya Audacity. Chovuta ndi ulemu. Woimbayo auzidwe bwinobwino kuti mau ake akupita kuti, alipidwe, dzina lake lilembedwe, ndipo avomere yekha ngati afuna kuti agawidwe kwa aliyense. Ndipo zingwe zake zisakokedwe kuti zifanane ndi piyano. Zijambulidwe monga mmene iye amazichunira. Malo oti tikaikepo alipo: Freesound, imene Universitat Pompeu Fabra ya ku Barcelona inayambitsa mu 2005, imalandira mau ochokera kulikonse.

Tsopano zopempha zanga, Bambo Wapampando. Ndikupempha kuti bungwe ligule hadi disiki imodzi yoti izikhala ku sukulu m'manja mwa mphunzitsi woyang'anira kwaya. Tiikemo zokhazo zimene chilolezo chake chimatilola kugawa, monga VSCO 2 Community Edition, masampulo a ku Iowa, MuseScore ndi Audacity, ndipo chikalata cha chilolezo chikhale pambali pa chilichonse. Za Philharmonia ndi za BBC tingolemba pa pepala kumene zimapezeka, aliyense akatenge yekha. Anzathu amene muli ndi intaneti yosatha, makamaka inu a ku Johannesburg ndi ku Britain amene mumabwera pa Khirisimasi, mutithandize kutsitsa mafayilo aakuluwa. Ndipo ngati pali wina amene kwao kuli mkulu woimba bangwe kapena kaligo, andione tisanabalalike.

Kope la aphunzitsi ndabwera nalo, lili pa tebulo apa; muligwire mosamala, mapepala ayamba kuthothoka. M'kati muli nyimbo zina zinayi zimene sindinaziyambe, ndipo ndikufuna munthu wodziwa do re mi kuposa ine. Achimwene amene muli pafupi ndi sipika, tsegulani fayilo yachisanu. A besi a 1996, imirirani, tione ngati mukukumbukira polowera.